Munthu Wako Akagonja pa Msonkhano Waukulu, Kodi Chipani Uchisiye?

Pali funso limodzi limene limabwerera m'dziko muno nthawi iliyonse pamene chipani cha ndale chasankha munthu wokachiimira pa mpikisano wa utsogoleri wa dziko. Msonkhano waukulu ukatha, nthumwi zimakwera mabasi kubwerera kwawo ndipo wopambana amanyamulidwa m'mwamba ndi nyimbo. Koma kunja kwa holo kumatsala anthu zikwi zambiri amene mtima wawo unali pa munthu wina, ndipo munthu wawoyo wagonja, kapena sanaloledwe n'komwe kupikisana. Kodi anthu otere achite chiyani? Avotere munthu amene sanamfune, chifukwa chokha chakuti wavala nsalu ya chipani chawo? Atsate wogonjayo kumene ali kupita? Kapena akhale pakhomo tsiku la chisankho atapinda manja? Zisankho za dziko lino kuyambira mu 1994 zayankha funsoli kangapo konse, ndipo mayankho ake ndi oyenera kuwalingalira tsopano mitima ili m'malo, misonkhano ina isanaitanidwe.

Kumene amasankha ndi kumene amaweruza

Mu mzinda wa Lilongwe nkhaniyi imaoneka poyera, pakuti mzindawu uli ndi mbali ziwiri. Ku City Centre ndiko kuli Nyumba ya Malamulo, likulu la chipani cha MCP, ndi holo yaikulu ya Bingu International Convention Centre, m'mene chipanichi chinachitira msonkhano wake waukulu mu Ogasiti 2024. Ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, m'nyumba za mipanda italiitali, ndiko kumakhala akuluakulu ambiri a zipani, ndipo zochuluka zimene nthumwi zimavomereza m'holo zimakhala zitakambidwa kale m'nyumba zimenezi.

Ku tawuni yakale, m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, kuli msika wa Tsoka, kumene anthu amagulitsa kaunjika ndi kuwoloka mtsinje pa timilatho ta matabwa polipira kandalama kochepa. Mwa anthu onse ogulitsa ndi ogula pamsikawu, ndi owerengeka okha amene anakhalapo nthumwi pa msonkhano waukulu wa chipani chilichonse. Nthumwi za chipani sizipitirira zikwi zochepa, pamene anthu amene anaponya voti pa 16 Sepitembala 2025 anaposa 5 miliyoni. Chotero woimira chipani amasankhidwa ndi anthu ochepa, koma woweruza ngati anasankhidwa bwino ndi khamu longa la pa Tsoka, limene silinafunsidwe. Chipani chimene chaiwala zimenezi chimakumbutsidwa tsiku lowerenga mavoti.

Chaka cha 2004: zipani ziwiri, vuto limodzi

M'chaka cha 2003 zipani ziwiri zazikulu za nthawi imeneyo zinagwa m'vuto lofanana. Ku UDF, Dr. Bakili Muluzi, atalephera kusinthitsa malamulo kuti aimenso kachitatu, analoza chala Dr. Bingu wa Mutharika kuti ndiwo adzaimire chipani. Dr. Mutharika anali atangobwerera kumene m'chipanimo. Mu 1999 anaima pa chipani chawo cha United Party ndipo sanapeze ngakhale voti imodzi pa mavoti 100 alionse. Akuluakulu amene anadikira nthawi yawo kwa zaka zambiri anakhumudwa. A Aleke Banda anatuluka nakalowa chipani cha PPM. A Justin Malewezi, amene anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira mu 1994, anatulukanso naima pawokha. A Brown Mpinganjira anali atachoka kale nakhazikitsa NDA.

Ku MCP nako mkangano wa zaka zambiri pakati pa a John Tembo ndi a Gwanda Chakuamba unafika pa msonkhano waukulu wa ku Blantyre mu Epulo 2003, kumene a Tembo anapambana. A Chakuamba anakhala wachiwiri kwa miyezi ingapo, kenaka anatuluka nakhazikitsa Republican Party, ndipo anatsogolera zipani zisanu ndi ziwiri zimene zinadzitcha Mgwirizano, a Aleke Banda ali woima nawo.

Pa chisankho cha pa 20 Meyi 2004 Dr. Mutharika anapeza mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, a Tembo oposa 27, a Chakuamba oposa 25, a Mpinganjira oposa 8, ndipo a Malewezi oposa 2 chabe. Mphunzitsi aliyense wa masamu angaone kuti mavoti a anthu awiri amene anali m'chipani chimodzi chaka chimodzi m'mbuyomo, akaphatikizidwa, anapitirira theka. N'zoona kuti si onse amene anavotera Mgwirizano akanavotera MCP, pakuti ambiri anabwera ndi zipani zina za m'mgwirizanomo. Komabe mu 1999 a Chakuamba, ataimira MCP mogwirizana ndi AFORD, anapeza mavoti pafupifupi 45 pa 100 alionse, ndipo mu 2004 momwemo MCP ndiyo inatenga mipando yochuluka ya m'Nyumba ya Malamulo kuposa chipani china chilichonse. Chipanichi chinali ndi anthu, koma anthuwo anagawidwa pawiri. UDF nayo inatsika kuchoka pa mavoti oposa theka amene Dr. Muluzi anapeza mu 1999, koma otsatira ake okwanira anameza malovu navotera munthu amene ambiri a iwo sanali kumudziwa bwino, ndipo malinga ndi m'mene lamulo linali kutsatidwira nthawi imeneyo, wopeza mavoti ochuluka kuposa anzake ndiye anali wopambana.

Zimene zinatsatira ndizo ziyenera kukumbukiridwa kwambiri. Patangopita masabata ochepa a Chakuamba anagwirizana ndi boma limene anapempha anthu kuti alikane, ndipo mu 2005 anakhala nduna ya zamalimidwe. Mu Febuluwale 2005 Dr. Mutharika anatuluka mu UDF ponena kuti akuluakulu ena a chipanicho anali kutsekereza ntchito yothana ndi katangale, nakhazikitsa DPP, ndipo mu 2009 anthu anawasankhanso ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse. Chotero amene anatsata wogonja anapeza mavoti awo atatengedwa kupita kumene sanawatume, ndipo amene anakakamira chipani anadzuka ali mbali yotsutsa ngakhale anali atapambana. Palibe mbali imene inalandira chimene inayembekezera. Wovota amene apereka voti yake chifukwa cha dzina la munthu lokha, kapena mtundu wa nsalu wokha, osafunsa kuti adzamchitira chiyani, alibe ponenera zinthu zikatembenuka.

Pamene ogonja anavomereza

Chaka cha 2013 chinaonetsa njira ina. DPP inali kunja kwa boma kuyambira pa imfa ya Dr. Bingu wa Mutharika mu Epulo 2012, ndipo aphungu ake ambiri anali atathamangira ku chipani cha PP cha Dr. Joyce Banda. Pa msonkhano waukulu wa mu Epulo 2013 Prof. Peter Mutharika anapikisana ndi a Henry Chimunthu Banda, amene anali Sipikala wa Nyumba ya Malamulo. A Chimunthu Banda anagonja, ndipo sanakhazikitse chipani chawo kapena kuima pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko chaka chotsatiracho.

Mu Ogasiti chaka chomwecho MCP inachita msonkhano wake ku Lilongwe. A Tembo sanaime, ndipo Dr. Lazarus Chakwera, m'busa amene anali atangosiya kumene utsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God, anagonjetsa anthu angapo odziwika, kuphatikizapo a Lovemore Munlo amene anakhalapo mkulu wa mabwalo amilandu. Ena mwa ogonja anadandaula, ena anachoka pambuyo pake, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaika dzina lake pa pepala lovotera mtsogoleri wa dziko mu 2014.

Zotsatira zake n'zodziwika. Prof. Mutharika anapeza mavoti 36.4 pa 100 alionse, Dr. Chakwera 27.8, ndipo Dr. Banda, amene anali pampando ndi mphamvu zonse za boma, 20.2. MCP, imene inali ndi aphungu osakwana 30 mu 2009, inapeza 48. Zipani ziwiri zimene zinachita mpikisano wa mavoti m'holo, ogonja ake nasiya nkhani pomwepo, ndizo zinakhala yoyamba ndi yachiwiri. Sikuti chifukwa chake chinali chimenechi chokha, pakuti nkhani ya kubedwa kwa ndalama ku Capital Hill imene inaululika mu 2013 inalemetsa kwambiri boma la PP. Koma chipani chogawanika sichikanatha kupindula ndi kufooka kwa mnzake.

Munthu kapena chipani?

Nkhani ya malemu Dr. Saulos Chilima ndi yosiyana ndi zonsezi, ndipo ndiyo inakhudza kwambiri achinyamata a m'mizinda. Mu 2018 gulu lina la mu DPP linafuna kuti Dr. Chilima, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndiwo aimire chipani. Iwo sanapikisane pa msonkhano waukulu. Analengeza mu Juni kuti atuluka, ndipo pa 21 Julayi anakhazikitsa UTM pa bwalo la Masintha ku Lilongwe. Pa chisankho cha mu Meyi 2019, chimene bwalo lamilandu linadzachifafaniza pa 3 Febuluwale 2020, ziwerengero zimene zinalengezedwa zinali izi: Prof. Mutharika 1,940,709, Dr. Chakwera 1,781,740, Dr. Chilima 1,018,369. Munthu wotuluka m'chipani anakoka anthu oposa 1 miliyoni. Koma tsiku lomwelo UTM inapeza aphungu anayi okha pa mipando 193. Anthu anali kutsata munthu. Chipanicho anali asanachilandire.

Anthu amenewa anayesedwa kawiri. Koyamba kunali mu 2020, pamene Dr. Chilima anavomera kukhala pambuyo pa Dr. Chakwera mu mgwirizano wa Tonse. Munthu wawo sanali pamwamba pa pepala, koma iye mwini anayenda dziko lonse kuwauza kumene achonge, ndipo pa 23 Juni 2020 Dr. Chakwera anapeza mavoti oposa 58 pa 100 alionse. Apa panaoneka kuti otsatira a wogonja amasamuka mosavuta ngati mwini wakeyo alankhula momveka ndipo aoneka kuti wapatsidwa ulemu.

Kachiwiri kunali pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Chikangawa pa 10 Juni 2024. UTM inatuluka mu mgwirizano wa Tonse mwezi wotsatira, ndipo pa msonkhano wake waukulu ku Mzuzu mu Novembala 2024 nthumwi zinasankha Dr. Dalitso Kabambe, amene anakhalapo mkulu wa banki yaikulu ya dziko lino ndipo anali atachoka ku DPP miyezi ingapo m'mbuyomo. Dr. Kabambe anagonjetsa kutali Mayi Patricia Kaliati, a Newton Kambala ndi Dr. Matthews Mtumbuka, ndipo anachita bwino potenga Dr. Mtumbuka kukhala woima nawo. Dr. Michael Usi, amene analowa m'malo mwa Dr. Chilima pa udindo wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, sanapikisane nawo, ndipo anaima pa chipani chawo cha Odya Zake Alibe Mlandu. Mu Sepitembala 2025 Dr. Kabambe anapeza mavoti pafupifupi 4 pa 100 alionse, ndipo Dr. Usi sanafike ngakhale pa 1. Mwa anthu amene anavotera Dr. Chilima mu 2019, ochuluka anapita kwina. Nthumwi zinagwirizana m'holo, koma chikondi cha anthu pa munthu amene wapita sichisiyidwa ngati chuma chamasiye kuti wolowa m'malo angotenga.

Ku DPP nako kunali mkangano wa zaka zingapo wofuna wolowa m'malo mwa Prof. Mutharika. A Kondwani Nankhumwa, amene anali mtsogoleri wa mbali yotsutsa m'Nyumba ya Malamulo ndi wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani m'chigawo cha kumwera, anachotsedwa m'chipani mu Januwale 2024 nakhazikitsa PDP. Pa msonkhano waukulu wa ku Blantyre mu Ogasiti 2024 Prof. Mutharika analibe wopikisana nawo. Pa chisankho cha 2025, pamene anthu 17 anapikisana, iwo anapeza mavoti 56.8 pa 100 alionse, Dr. Chakwera 33, ndipo a Nankhumwa sanakwanitse 1. Amene anawombera m'manja a Nankhumwa ali m'chipani sanawatsate atatuluka.

Chimene chimasuntha wovota

Pamenepa owerenga angafunse chifukwa chake Dr. Chilima anatuluka ndi khamu pamene a Malewezi ndi a Nankhumwa anatuluka okha. Yankho lili m'zinthu zitatu. Choyamba, wotuluka amakoka anthu pokhapokha ali ndi dera limene limamuona ngati mwana wake, monga a Chakuamba ku Chigwa cha Shire, kapena uthenga umene chipani chakale chilibe, monga Dr. Chilima kwa achinyamata osowa ntchito. Wopanda ziwirizi amatuluka ndi galimoto lake ndi anzake ochepa. Chachiwiri, anthu amayang'ana ngati wotulukayo angapambane. Mlimi kapena wogulitsa pamsika amadziwa kuti voti yake ndi imodzi, ndipo safuna kuitaya. Chachitatu, chimene chimaposa zonse, ndi mtengo wa zinthu.

Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100, ndipo m'miyezi yotsatira mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zinasowa, mtengo wa chimanga unakwera. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika a pa msika wa Tsoka anaguba kuchoka ku tawuni yakale mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera kwa mtengo wa mabelo, ndipo pasanapite masiku ambiri nduna ya zamalonda inasinthidwa. Izi zinachitika mu mzinda wa m'chigawo chapakati, chimene anthu amachiwerengera ngati mudzi wa MCP. Anthu aja sanagube chifukwa cha zotsatira za msonkhano waukulu wa chipani chilichonse. Anaguba chifukwa mpamba unali kutha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chipani chimene chili m'boma chikhoza kugwirizana bwinobwino m'holo ndi kugonjabe ngati thumba la ufa lakwera. Ndipo chipani chotsutsa chikhoza kukhululukidwa mikangano yake ngati anthu akhulupirira kuti chidzatsitsa mitengo.

Palinso umboni wina woonetsa kuti wovota wa dziko lino si nkhosa yongotsata. Mu 2014 aphungu 52 analowa m'Nyumba ya Malamulo ataima pawokha, ndipo mu 2019 anali 55. Ambiri a iwo anali anthu a zipani amene anagonja, kapena anaona kuti aberedwa, pa zisankho zachipulula. Anthu a m'madera mwawo anawavotera pa pepala la phungu, nachonganso mtsogoleri wa chipani chawo pa pepala linalo. Wovota amadziwa kulanga chipani pa pepala limodzi ndi kuchisunga pa lina.

Za m'maiko ena

Zoterezi si za kuno kokha. Ku Kenya mu 2002 a Daniel arap Moi anakakamiza chipani cha KANU kulandira a Uhuru Kenyatta. Akuluakulu ambiri anatuluka nagwirizana ndi a Mwai Kibaki, ndipo chipani chimene chinalamula kuyambira pa ufulu chinagwa. Ku Zambia, a Michael Sata atamwalira mu Okutobala 2014, chipani cha PF chinachita misonkhano iwiri ku Kabwe, wina wosankha a Edgar Lungu ndi wina a Miles Sampa. Mbali ziwirizi zinayanjana chisankho chisanafike, ndipo mu Januwale 2015 a Lungu anaposa a Hakainde Hichilema ndi mavoti osakwana 28,000. Chikhala kuti kuyanjanako kunalephereka, mavoti ochepa amenewo sakanapezeka. Ku America mu 2008 Mayi Hillary Clinton, atagonja kwa a Barack Obama pa mpikisano wautali wa m'chipani, anaimirira pamaso pa otsatira awo okwiya nawapempha kuti avotere wopambanayo, ndipo pambuyo pake anatumikira m'boma lake monga nduna yoona za maiko akunja.

Udindo wa aliyense

Kuyambira mu 2020, pamene mabwalo amilandu anagamula kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, nkhaniyi yakula. Kale munthu ankatha kulowa m'nyumba ya boma ndi mavoti 36 pa 100, monga zinachitikira mu 2004 ndi mu 2014, ndipo ankatha kunyoza ogonja a m'chipani chake. Tsopano sangatero. Voti ya wotsatira aliyense wa wogonja ili ndi mtengo, ndipo aliyense ali ndi mbali yake yoti achite.

Chipani chiyenera kuchita mpikisano woona. Munthu amavomera kugonja ngati anaona mavoti akuwerengedwa pamaso pake. Koma ngati malamulo asinthidwa msonkhano utayandikira, ngati mndandanda wa nthumwi wabisidwa, kapena ngati nthumwi zagulidwa ndi maenivelopu, wogonja amakhala ndi chifukwa chotulukira ndipo omutsata amakhala ndi chifukwa chokwiyira. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota; mzimu wa lamuloli uyenera kulowanso m'holo za misonkhano. Nkhanga zinapangana kusanapse: malamulo a mpikisano alembedwe ndi kuvomerezedwa ndi onse asanadziwike amene adzaime.

Wopambana ayenera kuyamba ndiye kupita kwa wogonja. Kuchotsa m'maudindo onse amene anali mbali inayo, kuyambira ku likulu mpaka kwa wapampando wa nthambi, kumasangalatsa anthu omuzungulira koma kumachepetsa mavoti. Wapampando wa nthambi amene wachotsedwa ali ndi banja, mpingo ndi anzake a pamsika, ndipo onsewo amamva nkhani yake.

Wogonja ayenera kulankhula msanga ndi momveka. Amene akhala m'chipani pakamwa pokha, mtima uli kwina, amasokoneza omutsata, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Ngati akhala, akwere pa nsanja ndi kunena poyera. Ngati atuluka, auze anthu chimene asiyana nacho ndi chipani kupatula mpando. Pakuti ngati kusiyana kwake ndi mpando wokha, anthu amazindikira, monga ziwerengero za 2004 ndi za 2025 zionetsa.

Wovota naye adzifunse mafunso atatu asanakwiye. Kodi munthu wanga anagonja mwachilungamo? Kodi zimene ndinamukondera, monga mtengo wa feteleza, ntchito za achinyamata kapena mankhwala m'zipatala, zikupezekabe m'malonjezo a wopambana? Kodi amene ali kundiitana kuti ndituluke ali kufuna ubwino wanga kapena wake? Ngati mpikisano unali wachilungamo ndipo mfundo sizinasinthe, kusiya chipani chifukwa cha mkwiyo ndi kupereka mpando kwa amene sagwirizana nawe pa chilichonse. Ngati chipani chabera anthu ake omwe, kapena chasiya zimene chinalonjeza, palibe ngongole imene wovota ali nayo kwa icho. Malamulo aakulu a dziko amapatsa munthu aliyense ufulu wolowa chipani chimene afuna ndi kuvota mwachinsinsi. Chinthu chimodzi chokha ndicho chilibe phindu m'njira zonse: kukhala pakhomo. Wokhala pakhomo salanga munthu, pakuti mtsogoleri amasankhidwabe, ndipo msonkho wa pamsika ndi mtengo wa belo zimamupezabe.

Kwa ogwira ntchito za boma ndi aphunzitsi

Owerenga ambiri a tsamba lino ali pa malo apadera. Kalaliki wa ku Capital Hill ndi mphunzitsi wa ku Kawale kapena ku Biwi ndi nzika, ali ndi voti, ndipo ali ndi munthu amene amamukonda monga wina aliyense. Koma gawo 193 la malamulo aakulu a dziko limafuna kuti ndale za wogwira ntchito za boma zisasokoneze ntchito yake, ndipo limaletsa kugwiritsa ntchito antchito ndi katundu wa boma pothandiza chipani. Mikangano ya m'zipani ikabuka, mayesero amakula: fayilo ya dera la wogonja imachedwetsedwa, galimoto la boma limaoneka pa msonkhano wa mbali imodzi, mphekesera zimayenda m'maofesi kuti wakutiwakuti ndi munthu wa uje. Kuyambira mu 2004 utsogoleri wa dziko lino wachoka m'manja mwa chipani china kupita kwa china kangapo, ndipo wogwira ntchito amene anadziphatika ku gulu limodzi la m'chipani anavutika pamene gululo linagwa. Amene anatumikira boma la tsikulo mokhulupirika ndi kusunga voti yake mumtima anapitiriza ntchito yake.

Aphunzitsi ali ndi udindo wina woposa apa. Malo ambiri oponyera voti ndi sukulu, ndipo ambiri mwa oyang'anira malowo ndi aphunzitsi. Chisankho cha 2019 chinafafanizidwa, mwa zina, chifukwa cha mapepala a zotsatira amene anasinthidwa ndi Tipp-Ex. Wogonja amavomera kugonja pamene akhulupirira dzanja limene linalemba chiwerengero, ndipo dzanja limenelo kawirikawiri ndi la mphunzitsi. Ndiponso m'kalasi, posankha mtsogoleri wa ophunzira kapena wa timu ya mpira, ndi m'mene mwana amayamba kuphunzira kuti wogonja amagwira chanza wopambana ndipo mawa lake onse amabwera kusukulu. Mwana amene sanaphunzire zimenezi ali wamng'ono adzavutika kuziphunzira ali nthumwi.

Chisankho chachikulu chotsatira chili kuyembekezeka mu 2030, ndipo chisanafike zipani zonse zazikulu zidzaitana misonkhano yawo. Pa msonkhano uliwonse wopambana adzakhala mmodzi ndipo ogonja adzakhala angapo, aliyense ali ndi anthu ake m'misika, m'maofesi ndi m'sukulu. Akuluakulu a zipani ali ndi nthawi yokwanira yokonza malamulo a mipikisano yawo, kufalitsa mayina a nthumwi, ndi kugwirizana za ulemu umene wogonja adzalandire. Akachita zimenezi adzakhala ndi mphamvu yopempha otsatira a wogonja kuti akhalebe m'chipani; akapanda kutero, asadzadabwe anthu a pa Tsoka akadzachonga dzina lina.